Ulusi Womwe Unkasowa m'Manja mwa Alamu

Ntchito ya ku labu alamu anga ndinawapezera ndine, ndipo amene anatsala pang'ono kuwachotsetsa ndi ine ndemwe. Ndayamba ndi zimenezi dala, chifukwa ndikazisungira kumapeto mudzati ndimafuna kudziyeretsa.

Iwowa ndi mkazi wa malemu achimwene anga. Kuntchito aliyense amangoti Mayi Mabotolo, poti zaka zisanu zoyambirira ankatsuka mabotolo ndi timachubu tagalasi m'kachipinda ka kumapeto kwa kolido. Ndi mayi wamfupi, wojintcha, ndipo amayenda ngati munthu amene wanyamula beseni lodzaza madzi. Si olankhulalankhula. Mukawapatsa moni amayankha bwinobwino, koma musadikire kuti awonjezerapo za mvula kapena za kukwera mtengo kwa zinthu. Manja awo ndi ozizira chaka chonse. Ana anga ali aang'ono ankabisala kumbuyo kwanga akaona anti awo akubwera ndi dzanja la moni.

Asanabwere kwathu anagwira ntchito zaka pafupifupi makumi awiri kunkhokwe ya magazi ya chipatala china chachikulu. Ankayang'anira mafiriji. Kumeneko lamulo ndi limodzi lokha, loti magazi asafunde. Katatu pa tsiku ankazungulira ndi kabuku, kulemba kazizidwe ka firiji iliyonse. Achimwene ankawaseka kuti ngakhale kunyumba sadutsa pa firiji osaigwira m'mbali kuti amve ngati ikulira. Ankati, “Ine m'nyumba muno ndine mwamuna wachiwiri, woyamba ndi uyo waima pakonayo.” Alamu ankangomwetulira n'kupitiriza kusita.

Achimwenewo anadwala zilonda za m'mimba. Zinakula mpaka anayamba kutaya magazi mkati, ndipo m'mawa wa Lamulungu lina, madokotala atafuna magazi a gulu lawo, lomwe ndi losowa, anauzidwa kuti kunkhokwe kulibe. Pofika masana anali atatisiya.

Ine pakamwa panga mpoipa, ndimadziwa. Pa maliro, pamaso pa azakhali ndi anthu ena onse, ndinaimirira n'kunena kuti, “Munthu wosunga magazi a tauni yonse, mwamuna wako n'kufa chifukwa chosowa thumba limodzi? Ntchito yakoyo ndi yachiyani?” Alamu anangoyang'ana manja awo. Mwezi womwewo anasiya ntchito, ndipo ine ndinati eya, manyazi awagwira.

Patatha zaka zitatu, nditaona mmene ankavutikira ndi ana awiri a sukulu, ndinawanenera kwa Adokotala, mkulu wa labu yathu. Ndisaname, sichinali chikondi chenicheni. Ndinkafuna mtima wanga usiye kundifunsa mafunso. Alamu anathokoza mwaulemu, anayamba ntchito, ndipo nkhani ya pamaliro sitinaitchulenso. Koma paja mlandu suola. Tsiku lililonse akandipatsa moni, ine ndinkatchera khutu kuti mwina pansi pa moniwo pali china.

Tsono ndikuuzeni za ntchito yathu kuti mumve bwino chomwe chinavuta. Timaweta maselo, tizigawo ting'onoting'ono tomwe timapanga thupi. Timawasunga m'timbale tapulasitiki, m'kabati yofunda ngati thupi la munthu, yomwe timaitcha inkyubeta. Ine ntchito yanga ndi ya pa maikulosikopu. Ndimakhala m'chipinda chamdima tsiku lonse, kujambula zomwe zili mkati mwa maselowo.

Pakati pa selo lililonse pali kadontho kotchedwa sentirosomu. Pakadonthopo ndi pomwe pamamera timaulusi tambirimbiri, totambasuka mpaka m'mphepete mwa selo ngati masipoko a njinga. Ulusi umenewu ndiwo mafupa a selo. Umaligwira kuti likhale ndi maonekedwe ake, komanso ndiyo misewu yomwe katundu wa mkatimo amayendapo. Ndipo sukhala phee ayi. Wina ukukula, ukagunda m'mphepete ukukankha, wina ukukokedwa ndi ulusi wamtundu wina womwe uli pansi pa khungu la selo, wina ukufupika n'kuyambiranso. Kukankhana ndi kukokana kumeneko ndi komwe kumasunga kadontho kaja pakati. Selo likafuna kugawikana, kadonthoko kamasanduka tiwiri, kena kupita uku kena uko, n'kukoka katundu kuti mbali iliyonse itenge gawo lake. Adokotala atha zaka khumi akufunsa funso limodzi: wagwira mnzake ndani, kadontho kapena ulusi? Ine ndinawauzapo kuti akafunse banja lililonse la m'tauni muno, koma iwo nthabwala samva msanga.

Tikathira utoto, kadontho kamawala mofiira, ulusi mobiriwira. Zikayenda bwino, abale, n'zokongola. Zaka khumi ndi ziwiri ndakhala ndikuziona koma sindinatope nazo.

Utoto usanathiridwe pamakhala ntchito ina: kutulutsa timbale mu inkyubeta, kutsuka maselo ndi madzi amchere, n'kuthirapo mankhwala owaumitsa. Mankhwalawo mmene awapezera maselo ndi mmene akhalire mpaka kalekale, sasinthanso. Ntchitoyi ankagwira mtsikana wina wophunzira, koma atapita kutchuthi chokabereka, Adokotala anati, “Mayi Mabotolo zaka zisanu sanaswepo kanthu. Tiwaphunzitse.” Anawalembera ndondomeko yonse papepala, analimata pakhoma, anawaonetsa kawiri, basi. Tsiku limenelo alamu anapita kunyumba ndi malaya oyera atsopano atawapinda bwinobwino m'chikwama kuti akawasite okha.

Timbale toyamba ta m'manja mwawo titafika kwa ine, ndinayang'ana, ndinatikita m'maso, ndinayang'ananso. Timadontho tofiira tinalipo, kalikonse m'selo lake. Ulusi ndiye zii. Panali chifunga chobiriwira chokha, ngati wina wapukutapo ndi nsanza. Timadontho tina tinali titasuntha n'kutsamira kumbali.

Adokotala anayamba ndi ine. “Mayi, babu la makina anuwa munalisintha liti?” Ndinasintha babu. Zomwezo. “Utoto simunausiye padzuwa?” Ine? Utoto padzuwa? Tinaitanitsa utoto wina, tinadikira milungu itatu. Zomwezo. Apa n'kuti kwatsala mwezi umodzi kuti alendo omwe amathandiza ntchito yathu abwere kudzaona zithunzi, ndipo pansi pa chithunzi chilichonse pamalembedwa dzina la wojambula.

Kenako Adokotala anavala malaya oyera n'kuumitsa okha kambale kamodzi. Ulusi uli mbwee! Anaitana alamu kuti achite Adokotalawo akuona, kambale kamodzinso. Ulusi uli mbwee. Mawa lake alamu anaumitsa timbale khumi ndi tiwiri ali okha. Chifunga.

Apa ndiye mutu wanga unayamba kulumikiza zinthu. Chinthu chomwe chimayenda bwino bwana akuona, n'kuipa akatembenuka, inu mumachitcha chiyani? Ndinayamba kuona zomwe kale sindinkaziona. Alamu ankafika hafu pasiti sikisi, ife tonse eyiti koloko. Chifukwa? Ankatseka chitseko cha chipinda cha maselo akamagwira ntchito. Chifukwa? Ine ndikamafika, benchi lawo logwirirapo ntchito linkakhala lonyowa, longopukutidwa kumene. Akupukuta chiyani m'mawa uliwonse? Ndipo mavutowa anayamba mwezi uti? Mwezi womwewo wa pachaka womwe achimwene anamwalira. Pa nthawi ya tiyi ankakhala pakona, kapu ataigwira ndi manja onse awiri, ndipo tsiku lina anandifunsa kuti, “Mlamu, zithunzi zija zikuvutabe?” Anafunsa mofatsa. Kufatsako ndi komwe kunandiwotcha.

Ndinayamba kutchera misampha. Ndinalemba kachizindikiro pa botolo la madzi amchere kuti ndione ngati akuthiramo china. Madzi ankatsika monga mwa masiku onse. Ndinanunkhiza mabotolo, ndinafukula m'bini ya zinyalala ndi cholembera. Palibe. Tsiku lina, Mulungu andikhululukire, iwo ali kuchimbudzi ndinatsegula chikwama chawo. Ndinapezamo kathemomita kakale, kagalasi, kokulungidwa m'kansalu, ndi chithunzi cha achimwene atavala jekete ija ankaikonda. Munthu wina akanachita manyazi n'kutseka chikwamacho. Ine ndinati, mwaona, chithunzi akuyenda nacho kuti asaiwale zomwe ndinawachita.

Ndinawauza bambo a kunyumba. Anaseka mpaka kutsamwa. “Iwe, mayi uja angadziwe bwanji kuchotsa ulusi m'selo osapha selolo?” Ndinati anthu ofatsawa amasunga zinthu, ndipo zaka zisanu zonse akutsuka mabotolo makutu sanawasiye kunyumba. Iwo anati, “Ukuona mizukwa dzuwa likuswa mtengo.” Ndinawauza kuti azidya ali chete.

Lachiwiri lina Adokotala anandiitanira mu ofesi. Nkhope inali itagwa. Anati akuganiza zoitana munthu wa ku labu ina kuti adzaone ngati ine ndikujambula bwino. Munthu wina, pa maikulosikopu yanga! Ndinapsa mtima. Ndinatseka chitseko n'kuwatsina khutu. Ndinawauza za hafu pasiti sikisi, za chitseko, za benchi lonyowa. Ndinawauzanso zomwe sizinkayenera kutuluka m'banja, kuti pali mawu omwe ndinalankhula pamaliro, ndipo alamu ali nane chakukhosi.

Adokotala anazunguza cholembera pa tebulo. “Munthu akalakwitsa ndimakhululuka,” anatero. “Koma kuwononga dala, ayi. Lachisanu ndiwapatsa kalata.”

Ndinatuluka nditapambana, koma chakudya chamasana chinandikanika. Mwana wamkulu wa alamu anali m'chaka chomaliza ku sukulu ya unamwino, wamng'ono akukonzekera mayeso. Nyumba yonse ija inkadalira ntchito imeneyi. Abale anganso ndimawadziwa: akadzamva kuti mayi wamasiye wachotsedwa ntchito chifukwa cha pakamwa panga, palibe amene adzandifunse za ulusi. Ndinafunika kuwapezerera ali mkati mochita, ndione ndi maso angawa, kuti ndidzakhale ndi chonena.

Lachitatu ndinafika sikisi koloko. Ndinalowa m'chipinda changa osayatsa getsi. Pakhoma la pakati pa chipinda changa ndi cha maselo pali kawindo kopatsiranapo timbale, kokhala ndi kachitseko kokankhira m'mbali. Ndinakatsegula pang'ono, pongokwana chala, n'kukhala pampando. Mayi wamkulu ngati ine, kusuzumira ngati mwana wopanda mwambo.

Hafu pasiti sikisi ndendende alamu analowa. Anatseka chitseko. Anavala malaya oyera, anasamba m'manja mpaka m'zigongono, anavala magolovesi. Ndiye anawerama pansi pa sinki n'kutulutsa beseni lalikulu lapulasitiki. Chamumtima ndinati, ehe, zayambika. Anatuluka nalo, ndipo ndinamva akutapa m'makina a ayisi a pakolido. Anabwera beseni litadzaza ayisi wophwanyaphwanya. Anasalaza pamwamba ndi chikhatho. Kenako anatsegula inkyubeta n'kuyamba kutulutsa timbale kamodzikamodzi, kukhazika pa ayisi, kukanikiza pang'ono kuti kakhazikike. Tonse khumi ndi tiwiri. Anavundikira beseni, anayang'ana wotchi, analemba nthawi pa kapepala. Atatero ndi pomwe anayamba kusakaniza mankhwala oumitsa aja, mosafulumira, chilichonse kuyeza kawiri. Zinawatengera mphindi makumi anayi.

Chomwe muyenera kudziwa n'chakuti ulusi wa m'selo sugwirizana ndi kuzizira. Ukazizidwa umayoyoka, tizidutswa take n'kumwazikana m'selo monse. Aliyense amene anaphunzira za maselo amazidziwa, n'chifukwa chake palibe anaganiza zozilemba papepala. Ine ndinaziphunzira ndili mtsikana. Choncho nditaona ayisi uja sindinafunenso kuona zina. Ndinati njira yake ndi imeneyi, yosasiya phazi, umboni wonse umasungunukira mu sinki.

Ndinakankha chitseko chawo mpaka chinakagunda khoma.

“Ndakupezererani!”

Alamu anadzidzimuka, koma botolo lomwe linali m'manja silinagwedezeke. Analikhazika kaye pabenchi. “Mlamu! Kulawira chotere, kunyumba n'kwabwino?”

“Musandifunse za kunyumba. Ichi n'chiyani?” Ndinavundukula beseni.

Anayang'ana pomwe ndinkaloza. “Ayisi.”

“Ndikuona kuti ndi ayisi, maso ndili nawo. Akutani pansi pa maselo?”

“Nanga ndiwasiye afunde?”

Anafunsa ngati kuti ndawauza asiye khanda pamsewu.

“Papepala la Adokotala palembedwa za ayisi?”

“Sipanalembedwe. Sipanalembedwenso kuti ndizisamba m'manja, koma ndimasamba. Chinthu cha m'thupi chikachoka pamalo ake chimadikira pa ayisi, mlamu. Ndichisiye pabenchi mphindi makumi anayi, kutentha konseku?”

“Bwanji osatisiya timbaleto mu inkyubeta mpaka mankhwala atakonzeka?”

Analoza pepala la pakhoma. “Nambala wani, kutulutsa timbale. Kusakaniza mankhwala ndi nambala fili. Ine ndimatsata mmene analembera.”

“Nanga tsiku lija Adokotala akuona, ayisi anali kuti?”

“Mankhwala anali atasakaniza kale iwowo. Panalibe chodikira.”

“Chitseko mumatsekeranji?”

“Mpweya wotentha wa pakolido.”

“Hafu pasiti sikisi?”

“Kumakhala kusanayambe kutentha.”

Yankho lililonse linkabwera losalala, ndipo ine m'malo moti mtima ukhale pansi, ndinkangoti mayi awa anakonzekeratu. Ndinawayang'anitsitsa m'maso kufunafuna bodza. Munalibe. Mantha analimo, koma sanali a munthu amene wagwidwa. Maso awo sanali pa ine n'komwe, anali pa beseni.

“Mlamu, vundikirani,” anatero. “Ayisi akusungunuka.”

Adokotala, omwe masiku amenewo nawonso ankalawira chifukwa cha nkhawa, anatipeza tili chomwecho. Anayang'ana beseni. Anayang'ana pepala lawo, anawerenga kuyambira nambala wani mpaka nambala fili milomo ikugwedezeka, kenako anagwira kumutu. “Ayisi,” anatero. “Milungu isanu ndi iwiri. Babu latsopano, utoto watsopano. Ayisi!” Anayamba kuseka, kuseka kwa munthu amene misozi ili pafupi. Mtsikana wophunzira uja ankadziwa yekha kuti mankhwala amayamba asakanizidwa, ndiye palibe amene anaona kuti pepalalo linalembedwa chobwerera.

Alamu anaima chilili, manja kumbuyo. Adokotala atawafotokozera kuti maselowa moyo wawo uli m'kufunda, ndipo kuzizira ndi komwe kumayoyola ulusi, nkhope yawo inachita ngati yathiridwa phulusa.

“Ndiye kuti ndimawononga ndine,” anatero chapansipansi. “Ine ndimati ndikuwateteza.”

Koma Adokotala maso anali atayamba kale kuwala. “Musataye kanthu! Maselowa akadali moyo.” Anatola timbale tinayi pa ayisi. Koyamba anakaumitsa pomwepo. Tinato anatithira madzi ofunda n'kutibwezera mu inkyubeta, kachiwiri mphindi imodzi, kachitatu mphindi zisanu, kachinayi mphindi makumi awiri. Wotchi anapatsa alamu, ndipo alamu ankatchula nthawi osaphonya ngakhale sekondi. Ine ndinathira utoto. Cha m'ma fili koloko masana tinalowa tonse atatu m'chipinda chamdima.

Zaka zisanu alamu ali pa labu, anali asanayang'anepo mu maikulosikopu. Palibe amene anawaitanapo, ngakhale ine. Anakhala pampando wanga mwamantha. Ndinawatsitsira mpandowo n'kuwaonetsa poika maso.

M'kambale koyamba, kadontho kofiira kanali kokhakokha m'chifunga. Ndinasintha, ndinaika kachiwiri, ka mphindi imodzi. Alamu anakoka mpweya. Pa kadontho kalikonse panali patamera timaulusi tatifupitifupi, mbali zonse, ngati kanyenyezi. Kwina konse m'selo kunali chifungabe, zinayambira pakadontho pokha. M'kachitatu ulusi unali utafika theka la njira. M'kachinayi unali utagunda m'mphepete, ndipo timadontho tomwe tinatsamira kumbali tija tinali titayamba kubwerera pakati.

“Wabwerera,” anatero alamu, maso osachotsa pamakina. “Wonse?”

“Wonse, Mayi,” anatero Adokotala, akuyendayenda m'kachipinda kosakwana kuyendamo. Anati njira imeneyi ilipo, anzawo ena amaziziritsa maselo dala kuti aone mphamvu ya kadontho pomeretsa ulusi, koma imafuna munthu wosasewera ndi wotchi. Anati zithunzi zinayizi alendo aja akaziona sadzafunanso zina. “Kuyambira mawa ayisi ndi ntchito yanu, koma pa nthawi yomwe ndizikuuzani ine. Ndipo taonani, ine Lachisanu ndimati ndikupatseni kalata yokuchotsani ntchito! Nditamva kuti muli ndi chakukhosi ndi alamu anuwa, ndinangoti basi, n'zadala.”

Anaseka, anatuluka kukaimba foni. Anthu ophunzira kwambiriwa, abale, nthawi zina mutu umadzaza mabuku mpaka nzeru kusowa pokhala.

M'chipindamo tinatsala awiri, fani ya makina ikulira. Alamu anadzuka, anakweza mpando kuubwezera mmene unalili, anatuluka osandiyang'ana.

Ndinawapeza kuchipinda cha mabotolo, manja ali m'thovu. Ndinaima pakhomo.

“Alamu, ndinalakwa.”

Anapitiriza kutsuka.

“Ndimaganiza kuti mukundibwezera. Chifukwa cha mawu aja.”

“Mawu ati?”

“A pamaliro.”

Anatsukuluza botolo, analiyang'anitsa pa kuwala, analiika chozondoka kuti liume. Ndinafuna kupeputsa nkhani monga ndimachitira. “Koma mwaona nokha, ulusi ukafunda umameranso. Mwina nafenso…”

“Amenewo ndi maselo, mlamu,” anatero. “Achimwene anu sanamerenso.”

Anapukuta manja pa epuloni n'kutembenuka. Kanali koyamba m'zaka zisanu ndi zitatu kundiyang'ana nthawi yaitali chotero.

“Loweruka lija, kutatsala tsiku limodzi kuti amwalire, mukukumbuka kuti munandiimbira foni?”

Ndinkakumbuka pang'ono. Ndinali ku wodi, achimwene akubuula, akufunsa mkazi wawo.

“Munaimba kanayi. Ndinakuuzani kuti ndili ndekha pantchito, mnzanga abwera sikisi koloko madzulo. Kachinayiko munati, ‘Kodi munakwatiwa ndi firiji? Mwamuna wanu akukuitanani.’ Ndinakhoma chitseko thwelofu koloko, ndinabwera. Ndinakhala nawo masana onse, inunso munalipo. Firiji yachitatu inazima cha m'ma wani. Belu lake linalira m'chipinda mopanda munthu mpaka sikisi. Matumba onse a mmenemo tinataya. Anayi anali a gulu lawo.”

Ndinagwira mphuthu ya chitseko.

“Magazi analipo?”

“Analipo mpaka Loweruka masana.”

“Nanga bwanji simunanene? Pamaliro paja, ine ndikukunyozani pamaso pa anthu, bwanji simunandiyankhe?”

“Ndikanayankha chiyani? Wokhoma chitseko ndinali ine. Komanso inu munali ndi pakati pa miyezi isanu ndi itatu. Ndinaona kuti katunduyu munthu mmodzi akwanitsa.”

Ndinalira, abale. Ndinalira moipa, kukamwa kuli yasa, pakati pa mabotolo. Manyazi omwe ndinachita sindinawamvepo chibadwire. Zaka zonsezi ndinkafufuza chakukhosi pansi pa moni wawo, ndinafukula ngakhale m'chikwama chawo, pomwe chomwe ankandibisira chinali foni yanga yomwe.

“Chakukhosi ine ndilibe,” anatero alamu. “Chomwe ndinali nacho n'chimodzi, choti chinthu sichidzafundanso m'manja mwanga. Lero mwandiuza kuti nachonso chimawononga.”

Ndinafuna kuwagwira dzanja, koma anali atatsegula kale mpopi n'kutola botolo lina.

“Tasunthani pang'ono, mlamu,” anatero. “Mukunditchingira kuwala.”